Laisensi Itsikire Kumene Kuli Ana



Pa 25 Januwale 2022, mumzinda wa Yaoundé ku Cameroon, timu yathu ya Flames inakumana ndi Morocco mu ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa. Kanali koyamba kuti tifike pamenepo. Patangotha mphindi 7, Gabadinho Mhango anaona goloboyi Yassine Bounou atasuntha pagolo, n'kumasula chimpira kuchokera kutali kwambiri, ukonde n'kugwedezeka. Dziko lonse linadzuka. Tisanapite kopuma Youssef En-Nesyri anabweza ndi mutu, ndipo m'chigawo chachiwiri Achraf Hakimi anamwetsa china pa firikiki. Tinatuluka 2-1, popanda chochititsa manyazi.

Tiyeni tifunse kumene awiri amene anatigoletsawo anaphunzira mpira. En-Nesyri anakulira mu akademi ya Mohammed VI ku Salé, pafupi ndi Rabat, momwenso munadutsa Nayef Aguerd ndi Azzedine Ounahi. Hakimi analowa mu akademi ya Real Madrid ali ndi zaka pafupifupi 8. Chaka chomwecho chisanathe, Morocco inakhala dziko loyamba la mu Africa kufika mu semifainolo ya chikho cha dziko lonse ku Qatar. Nanga Mhango wathu wa ku Chiweta? Luso lake ndi lalikulu, ndipo amene anamuthandiza ali wamng'ono tiwathokoze. Komabe palibe dongosolo lathu limene lingaime pano n'kulonjeza kuti chaka chamawa litulutsa wina wonga iye. Tinapita ku chikho cha Africa mu 1984, tinadikira zaka 26 kuti tibwerereko mu 2010 pamene anyamata a Kinnah Phiri anakwapula Algeria 3-0 ku Angola, kenako tinadikiranso zaka 12. Umu ndi mmene limayendera dziko limene limangodikira kuti mbadwo wabwino ubadwe wokha.

Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi. Mphunzitsi amene waphunzira bwino kuposa onse ayenera kukhala ndi ana aang'ono kuposa onse. Kuno kwathu tinazitembenuza: wophunzira kwambiri timamuika pa akuluakulu amene mapazi awo anauma kale, ndipo mwana wa zaka 9 timamusiyira aliyense amene ali ndi wenzulo ndi nthawi.

Mukudziwa makwerero a malaisensi a CAF: D, C, B, A, ndipo pamwamba penipeni Pro. Makwerero amenewa ndi abwino, ndipo lamulo loti timu ya mu Super League ikhale ndi kochi wa mapepala oyenera ndimaligwirizana nalo. Vuto lili pa chimene munthu amafunira pepalalo. Mnyamata amayamba ndi ana a m'dera lake, mwachikondi, popanda malipiro. Akapeza D amayamba kuyang'ana timu ya ligi ya m'boma. Akapeza C maso ali ku ligi ya m'chigawo. Akapeza B safunanso kumva za ana, akudikira foni yochokera ku timu yaikulu. Sindikumudzudzula, chifukwa ndalama ndi ulemu zili kumeneko, ndipo nayenso ali ndi banja. Koma werengani nokha. Mu Super League muli matimu 16, kutanthauza mipando 16 ya kochi wamkulu, imene anthu omwewo amangosinthana chaka ndi chaka. Sukulu za pulayimale m'dziko muno ndi zoposa 5,000. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka ndi ana osafika zaka 18. Maphunziro athu a ukochi akuthamangitsa anthu onse kumipando 16, kuwachotsa kumene kuli khamu la ana.

Ndikufuna tione bwinobwino chimene chimachitika pabwalo la ana masana ana ataweruka, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Ana afika 30, mpira ndi umodzi, wachikopa, wa saizi ya akuluakulu, wosokedwa kangapo. Kochi akuwauza kuti ayambe azungulira bwalo kasanu. Akamaliza, ali wefuwefu, akuwaimika pamzere umodzi wautali. Iye waima pafupi ndi golo, akugubuduzira mpira woyamba pamzere, mwanayo akumenya, mpira wapita kuthengo, wina akuthamangira kukautola, onse akudikira. Amene wamenyayo akubwerera kumbuyo kwa mzere, kumene anzake ayamba kale kukankhana ndi kuponyerana timiyala. Mpaka nthawi yake idzakwanenso, dzuwa lapendeka. Pomaliza akuwagawa 15 mbali iyi, 15 mbali iyo, pabwalo lonse la akuluakulu, pagolo pali kamwana kamene ngakhale katadumpha sikangakhudze mtengo wapamwamba. Wamkulu thupi akungomenyera mpira kutsogolo, onse akuuthamangira chigulu, kochi akukuwa kuti "Chotsa! Chotsa!" Pali kamtsikana kapena kamnyamata kakang'ono kumapeto uko kamene kabwerera kunyumba katakhudza mpira kawiri kapena katatu tsiku lonse. Kochiyu si waulesi. Wafika nthawi yake, wapereka madzulo ake kwaulere. Akuchita zimene anachitiridwa iye ali mwana, chifukwa palibe anamuonetsapo zina.

Tsopano bwalo lomwelo, ana omwewo, koma kochi amene anaphunzitsidwa za ana. Dzulo lake anauza mwana aliyense kuti abwere ndi mpira wake wachikulunga, uja wa majumbo womangidwa ndi luzi kapena mphira. Palibe kuzungulira bwalo: aliyense ali ndi mpira kuphazi, akuyenda nawo m'kabwalo kakang'ono, kupewa kugundana ndi anzake, phazi lamanja, phazi lamanzere, kuponda, kutembenuka. Thupi latenthera pomwepo. Kenako bwalo lalikulu lija waligawa timabwalo tinayi, magolo ndi njerwa kapena timitengo, anayi kulimbana ndi anayi kapena atatu. Pa kabwalo kotere mwana sangabisale. Mpira ukumupeza mphindi iliyonse, ayenera kusankha kudoda kapena kupatsira, akaluza mpira ayenera kubwerera yekha kudzatchinga. Kochi sakukuwa. Akuyenda kuchoka kabwalo aka kupita ako, ndipo akaona mwana walandira mpira atafulatira golo mnzake ali kumbuyo, akumuitana pambali n'kumufunsa kuti, "Mpira usanafike, unayang'ana kuti?" Mwanayo akuganiza, akubwerera, ulendo wotsatira akucheuka kaye mpira usanamufike. Kucheuka kumeneko ndi kumene timasirira mwa osewera apakati a matimu akuluakulu a ku Ulaya, ndipo kumaphunziridwa pa zaka 10, pafumbi, ndi mpira wa majumbo.

Mabwalo awiriwa sakusiyana ndalama. Palibe tambala imene yawonjezeredwa. Chasiyana ndi zimene zili m'mutu mwa munthu mmodzi. N'chifukwa chake ndimakana anthu akamati tiyambe tadikira mabwalo a kapinga ndi nsapato ndiye tidzakambe zophunzitsa ana. Pamene Jean-Marc Guillou anayambitsa akademi ya ASEC Mimosas ku Abidjan mu 1994, ana ake ankaphunzira opanda nsapato dala, mpaka phazi litazolowerana ndi mpira. Mu 1999 anyamata omwewo, ambiri asanakwanitse zaka 20, anagonjetsa Espérance ya ku Tunisia 3-1 mu CAF Super Cup. M'nyumba imeneyo munatuluka Kolo Touré, Yaya Touré, Didier Zokora, Emmanuel Eboué ndi Salomon Kalou. Mwana wa ku Ndirande, ku Chinsapo kapena ku Chibavi ali kale ndi phazi lozolowera mpira. Chimene akusowa ndi munthu wodziwa chochita nalo.

Mlimi wa fodya amadziwa kuti chidwi chachikulu chimapita ku nazale. Kumeneko ndi kumene amapitako m'mamawa ndi madzulo, ndipo satumako munthu wosadziwa. Mbande ikalakwika ku nazale, feteleza wa kumunda saikonza. Makolo anati m'mera mpoyamba. Zaka za pakati pa 8 ndi 12 ndi zimene thupi la mwana limagwira msanga kayendetsedwe ka mpira, ndipo akafika zaka 18 asanaphunzire kulandira mpira ndi phazi lamanzere, kochi wa CAF A amene adzamulandire ku Super League adzangomuphunzitsa kubisa chilemacho.

Maiko amene anasintha mpira wawo anayambira pomwepa. Germany itachita manyazi pa chikho cha Ulaya mu 2000, inalamula kuti timu iliyonse ya mu ligi yaikulu ikhale ndi akademi, n'kumwaza malo ophunzitsira ana oposa 300 m'dziko lonse, aphunzitsi ake a malaisensi. Mu 2014 inatenga chikho cha dziko lonse. Wina anganene kuti Germany ndi yolemera, ndipo n'zoona. Iceland nayonso si yosauka, koma chiwerengero chake panthawiyo sichinkafika ngakhale theka la anthu a mumzinda wa Blantyre. Inafika mu kotafainolo ya chikho cha Ulaya mu 2016 itatulutsa England, n'kupitanso ku chikho cha dziko lonse mu 2018. Kumeneko mwana wamng'ono amaphunzitsidwa ndi kochi wa mapepala amene amalipidwa pa ntchitoyo, osati kholo limene langodzipereka.

Koma tisapite kutali. Mu 2017 Zambia inatenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20 pakwawo, pansi pa Beston Chambeshi, n'kukafika mu kotafainolo ya chikho cha dziko lonse ku South Korea. Patson Daka ndi Enock Mwepu anadutsa ku Kafue Celtic, timu yaing'ono imene ntchito yake yaikulu ndi kulera achinyamata, asanapite ku Red Bull Salzburg, kenako wina ku Leicester City, wina ku Brighton. Senegal, imene tinalepherana nayo 0-0 ku Cameroon ndipo inatenga chikho cha Africa pansi pa mwana wa kwawo Aliou Cissé, imakolola ku Génération Foot kumene kunadutsa Sadio Mané ndi Ismaïla Sarr, komanso ku Diambars. Awa ndi anansi ndi anzathu, fumbi lawo ndi lofanana ndi lathu.

Tsono maphunziro a ukochi asinthe motani? Choyamba chimene ndingapemphe ndi chakuti pakhale njira ya ana yoima payokha, yokhala ndi ulemu wake, kuti munthu athe kukwera mpaka pamwamba akadali kochi wa ana, osakakamizika kuwathawa kuti aoneke kuti wakula pantchito. Kuphunzitsa mwana wa zaka 10 ndi luso lina, losiyana ndi kukonza timu yokamenya Bullets kapena Wanderers Loweruka. Kochi wa ana ayenera kudziwa kuti ana obadwa chaka chimodzi sakula mofanana, kuti wina amatalika pa zaka 12 pamene mnzake adzayamba pa 15, ndipo amene amatayidwa kawirikawiri ndi wochedwa kukulayu, yemwe nthawi zambiri ndiye waphunzira kuganiza msanga chifukwa alibe mphamvu zokankhira anzake. Ayenera kudziwa kuti mwana wa zaka 13 akamadandaula kuwawa m'munsi mwa bondo si ulesi, ndi fupa limene likukula, ndipo kumuthamangitsa kwambiri n'kumuwononga. Ayenera kudziwa kuti mwana akagundana mitu ndi mnzake n'kudzuka ali ndi chizungulire, amatuluka ndipo sabwereranso tsiku limenelo, ngakhale ikhale fainolo. Ayenera kufunsa ngati ana adya asanawaike padzuwa la Okutobala, ndi kuonetsetsa kuti pali madzi akumwa pambali pa bwalo. Zimenezi n'zofunika kwa iye kuposa kujambula 4-3-3 pabolodi.

Chachiwiri ndi mayeso. Munthu akhoza kukhala m'kalasi masabata awiri, kulemba bwino, kutenga satifiketi, n'kubwerera kwawo kukaimikanso ana pamzere uja. Pepala liperekedwe pambuyo poti mlangizi wapita kubwalo la wophunzirayo, kwawo, n'kumuona akugwira ntchito ndi ana ake enieni, ndi mipira imene ali nayo. Ndipo pepalalo lisakhale la muyaya. Mpira umasintha, malamulo amasintha. Kuyambira 2019 mpira wa golokiki ukhoza kulandiridwa m'kati mwa bokosi, ndipo kasinthidwe kakang'ono kameneko kanasintha mmene goloboyi ndi otchinga kumbuyo ayenera kuphunzitsidwira. Amene anaphunzira zaka 15 zapitazo n'kusabwereranso m'kalasi akuphunzitsa mpira umene kulibenso.

Pali nkhani ya chilankhulo imene sitiikamba mokwanira. Mabuku a ukochi amabwera m'Chingerezi. Koma anthu ambiri amene ali ndi ana m'manja lero, kumidzi ndi m'makwalala, ndi oti sukulu sanapite nayo patali, ngakhale mpira amaudziwa ndipo ana amawamvera. Tikawatsekera kunja chifukwa cha Chingerezi, anawo sasowa kochi. Amangopitiriza ndi yemweyo, wosaphunzitsidwa. Maphunziro oyambirira aperekedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, ndipo apite kumaboma, chifukwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje sangakwanitse thiransipoti, malo ogona ndi fizi kuti akakhale kumaphunziro ku Chiwembe.

Ndiyeno aphunzitsi a m'sukulu. Pafupifupi mwana aliyense wa dziko lino, kaya ndi wa kumudzi kaya wa m'tauni, amadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa pulayimale. Palibe akademi imene ingafike kumene sukulu inafika kale. Ku pulayimale masewero olimbitsa thupi anaphatikizidwa ndi nyimbo ndi zaluso m'phunziro la Expressive Arts, ndipo m'sukulu zambiri nthawi yake imadyedwa ndi kukonzekera mayeso. Ndikanakonda kuti bungwe la mpira la FAM, unduna wa zamaphunziro ndi bungwe la zamasewero a m'sukulu la MASSA agwirizane kuti wophunzira aliyense wa ku sukulu ya zauphunzitsi (TTC) amene ali ndi chidwi atuluke ndi laisensi yoyambirira ya ukochi pamodzi ndi satifiketi yake ya uphunzitsi. Anthu amenewa anaphunzira kale kasamalidwe ka ana, amadziwa kukonzekera phunziro, boma limawalipira kale, ndipo limawatumiza lokha kumadera onse. Mbadwo wa Kinnah Phiri umene unatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979 unali ndi osewera ambiri amene anaonekera ku mpira wa m'sukulu. Msewu umenewo tinaulola kumera udzu.

Kwa osewera akale, abale anga, ndikulankhula mwaulemu. Dzina lanu ndi chuma, ndipo mwana amamvetsera mwachidwi munthu amene anavalapo jezi ya Flames. Koma kudziwa kuchita chinthu n'kosiyana ndi kudziwa kuchiphunzitsa. Amene mpira unkamumvera mosavuta ndiye amavutika kwambiri kumvetsa mwana amene ukumukana. Bwerani m'kalasi, ndipo mukatuluka yambirani kwa ana. Sikutsika kumeneko.

Tsopano ndifike pa bala limene likudya ntchito yonseyi: kubera zaka. Nonse munaonapo mpikisano wa osapitirira zaka 14 kumene kukulowa munthu wa ndevu zometa m'mawa womwewo, mawu ali besi, atalembedwa kuti ali Sitandade 7. Akumwetsa zigoli zitatu, timu ikutenga chikho, kochi akunyamulidwa m'mwamba. Kumbali kwa bwalo kwakhala mwana weniweni wa zaka 13, amene wabwera ku maphunziro chaka chonse, jezi yake yavalidwa ndi mlendo. Mwana ameneyo waphunzira phunziro limodzi tsiku limenelo, loti khama lilibe phindu, ndipo ambiri otere sabweranso. Wandevu ujanso tamunamiza: akuoneka katswiri chifukwa akusewera ndi ana, ndipo akadzakumana ndi amsinkhu wake adzazimirira, ife n'kumadabwa kuti luso lija lapita kuti.

Ife Amalawi tili ndi chifukwa chapadera chodana ndi khalidweli. Mu 2009 timu yathu ya osapitirira zaka 17, pansi pa John Kaputa, inapita ku chikho cha dziko lonse ku Nigeria, ndipo mpata umenewo unatseguka Niger itachotsedwa mumpikisano wa Africa chifukwa cha nkhani ya zaka. Chaka chomwecho FIFA inagwiritsa ntchito makina a MRI kuunika mafupa a pamkono pofuna kutsimikiza zaka za osewera. Ku Nigeria tinagonja masewero onse atatu, kwa United Arab Emirates, United States ndi Spain. Kugonjako sikundipweteka. Chimene chimandipweteka n'chakuti ulendo waukulu chotere sunasiye dongosolo loti mbadwo wotsatira udutsemo.

Kubera zaka kumayamba ndi mmene timayezera kochi. Ngati kochi wa ana timamuyamikira chifukwa cha chikho chokha, adzabera. Timuyeze ndi mafunso ena: ana amene anayamba nawo mu Januwale, ndi angati akadalipo mu Disembala? Ndi angati akusewera ndi mapazi onse awiri? Ndi angati akadali pasukulu? Ndi angati akwera kupita ku timu ya msinkhu wotsatira? Ndipo chida chothetsera bodzali chilipo. Bungwe la NRB limapereka ziphaso za kubadwa, ndipo pafupifupi mayi aliyense amasunga kabuku ka kusikelo. Mwana alembedwe kamodzi, ali ndi zaka 9 kapena 10, pamene palibe amene ali ndi chifukwa chonamira, ndipo tsiku lobadwa limenelo limutsate moyo wake wonse wa mpira. Kochi wopezeka atabera alandidwe laisensi. Laisensi imene singalandidwe ilibe mano.

Za atsikana sindingazidumphe, chifukwa osewera awiri otchuka kwambiri amene dziko lino latulutsa m'zaka zino ndi akazi. Tabitha Chawinga anamwetsa zigoli zambiri kuposa aliyense mu ligi ya Italy ali ku Inter Milan, asanapite ku Paris Saint-Germain ndi Lyon. Mng'ono wake Temwa anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, atamwetsa zigoli 20. Mu 2023 timu yathu ya amayi ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1. Tabitha ndi Temwa, ana a ku Rumphi, anayamba kusewera ndi anyamata, chifukwa timu ya atsikana panalibe. Ndi angati ena onga iwo amene anasiya chifukwa makolo anakana? Ndipo makolo akamakana si nthawi zonse pamene amakhala akulakwa. Mayi amene sakufuna kuti mwana wake wamkazi azibwera usiku kuchokera kubwalo kumene kuli bambo mmodzi wosadziwika bwino ali ndi nzeru. Tiwayankhe ndi zochita: tiphunzitse makochi achikazi ambiri, phunziro la kuteteza ana ku nkhanza likhale lokakamiza pa laisensi iliyonse, pasakhale kochi wotsala yekha ndi mwana, paulendo uliwonse wa atsikana pakhale mayi wamkulu, ndipo mwana adziwe kumene angakanene wina akamuchita zosayenera. Munthu amene wapezeka ndi mlandu wotere asadzayandikirenso bwalo la ana, ngakhale akhale wodziwa mpira chotani.

Mwina ena mukuti zonsezi n'zabwino, koma ndalama zichokera kuti. Funso limeneli ndi loona, chifukwa kochi wa ana amene salandira kanthu adzachoka tsiku limene adzapeze ganyu. Zina mwa ndalamazo zikuzungulira kale pakati pathu. Chaka chilichonse, makamaka chisankho chikayandikira, m'madera mumadzaza zikho ndi mabonanza a aphungu ndi ofuna mipando. Ndalama zonse zimathera pa mphotho ya tsiku limodzi, ndipo mawa lake bwalo lili zii. Gawo lochepa chabe la ndalama zimenezo likhoza kulipirira aphunzitsi khumi a m'deralo maphunziro a ukochi ndi kugula mipira ya saizi 4 ya sukulu zonse za m'zoni. Makampani amene amathandiza matimu akuluakulu angathe kuika m'mgwirizano kuti gawo lina lipite kwa makochi a timu za ana. Malamulo opatsira matimu chilolezo amafuna kale kuti timu ikhale ndi achisodzera. Chotsala n'kuonetsetsa kuti timu ya achisodzerayo ilipodi chaka chonse, ili ndi kochi wa mapepala wolandira malipiro, osati yosonkhanitsidwa sabata imene oyendera akubwera. FIFA nayonso, kudzera mu ndondomeko yotukula luso imene akutsogolera Arsène Wenger, ikuika ndalama ndi alangizi pa ntchito yomweyi, ndipo akademi zina monga Ascent Soccer ku Lilongwe zaonetsa kuti mwana wa kuno akaleredwa bwino, mpira ndi sukulu pamodzi, amafika patali.

Pali ndalama inanso imene timaitaya chifukwa chosalemba. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko lina mgwirizano wake usanathe, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Pa wosewera wogulidwa madola 1 miliyoni, ndiye kuti madola 50,000 ndi a amene anamulera, ndipo izi zimabwerezedwa ulendo uliwonse akagulitsidwanso motero. Palinso chipukutamisozi cha maphunziro chimene chimaperekedwa wosewera akasaina mgwirizano wake woyamba wa ukatswiri. Kuyambira 2022 FIFA ili ndi ofesi yake yoona kuti ndalamazi zikufika kwa eni ake, koma imatsata zolembedwa zokha. Timu ya m'mudzi imene inamulera mwana zaka zinayi koma sinalembetse ku FAM, ndipo mwanayo sanalembedwe m'dzina lake, sidzaona ngakhale tambala, ngakhale mudzi wonse uchitire umboni.

N'chifukwa chake ndikupempha aliyense wa inu amene ali ndi ana m'manja kuti sabata ino agule kope. Mulembemo dzina la mwana aliyense, tsiku lobadwa monga lilili pa chiphaso kapena pa kabuku ka kusikelo, dzina la kholo ndi chilolezo chake, sukulu ndi kalasi, ndi tsiku limene anayamba kubwera. Kenako mupite kwa oyang'anira mpira m'boma lanu mukafunse kalembetsedwe ka timu, ndi tsiku limene maphunziro a laisensi D adzachitike kufupi ndi kwanu. Akakuuzani kuti palibe, musonkhanitse mayina a anzanu amene akufuna maphunzirowo, aphunzitsi a m'sukulu ndi amayi omwe, mukapereke pamodzi, ndipo mukapemphe kuti mlangizi abwere kwanuko.